Disiki ya Pagalasi

Zakeyu anatsika takisi pa Claremont, m'dziko la eni kumene ankagwira ntchito, ali wefuwefu, nsapato zili matope okhaokha a m'dimba la abwana ake. Pamaloboti panali pataunjikana anthu. Baki yake, kapikiapu koyera kamene anali atangogula sabata yomweyo, inaima chopingasa mphuno itatiwizika. Kutsogolo kwake kagalimoto kofiira kanali kataphwanyika kumbuyo ngati chitini chopondedwa.

Ramazani, mnzake wa ku Mangochi amene anabwereka bakiyo kuti akatengere firiji, anali khale m'mbali mwa msewu, chisoti chili m'manja.

"Che Ramazani, mwavulala?"

"Ayi achimwene, thupi lili bwino. Koma ndakulakwirani. Mvula iyi! Ndinaponda buleki, galimoto n'kumangopita."

"Aaa, dzukani apo, munthu wamkulu. Zitsulo izi. Nanga inshuwalansi ntchito yake n'chiyani?"

Ananena izi mtima uli m'malo ndithu. Kwawo ku Ntcheu Zakeyu anakhalapo kondakitala wa minibasi, ndipo zapamsewu ankazidziwa: galimoto yopanda disiki ya inshuwalansi pagalasi siidutsa pa apolisi. Choncho tsiku logula baki, asanayang'ane n'komwe matayala, anayamba waona pagalasi. Disiki inalipo, yozungulira bwinobwino, deti lake la chaka chamawa. M'mawa wa tsiku la ngozili Ramazani atafunsa ngati galimotoyo inali ndi inshuwalansi, Zakeyu anangogogoda pagalasipo ndi chala. "Osadandaula, pitani," anatero.

Mwini kagalimoto kofiira anali mayi wovala yunifolomu ya anamwino. Sanalalate ayi. Anangofunsa m'Chingerezi kuti kampani yawo ya inshuwalansi ndi iti. Zakeyu anamutengera pagalasi paja n'kuloza monyadira.

Mayiyo anawerama, anawerenga, kenako n'kumuyang'ana mwachisoni.

"Bhuti, mchimwene wanga, iyitu ndi laisensi ya galimoto. Kuno inshuwalansi siikhala pagalasi. Umakagula wekha ukafuna, ndipo palibe amene amakukakamiza. Inenso ndilibe."

Ha! Zakeyu anawerama pagalasipo. Anawerenganso kadisikiko kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati kuti dzina la kampani litulukira lokha. Munalibe.

Bakiyo sinali galimoto chabe kwa iye. Zaka zonse zimene anakhala akudulira maluwa a eni ake ku Hout Bay, ankangoonerera anzake a mabaki akutola zinyalala za m'madimba nyumba ndi nyumba, opanda bwana wowakalipira. Iyenso anali atapeza kale nyumba zingapo zomulonjeza ntchito. Lolemba ndiye linali tsiku loyamba.

Ramazani anabwera chapafupi. "Ndine ndimayendetsa, achimwene. Ya amayiwa ndikonzetsa ndine. Insha Allah ndipeza njira."

Njira yanji? Munthu wotsuka mbale kulesitilanti, mkazi wake Zakiyya ali woyembekezera, pafupi kuchira! Zakeyu anamumvera chisoni, komanso pansi pamtima panali kamawu kena kakuti, ingovomera, wadzipereka yekha. Anapatuka pang'ono n'kuimbira mkazi wake Tabia kunyumba ku Joe Slovo.

"Mwati bwanji, abambo a Faith? Mulibe inshuwalansi? Inu amene munatisokosa usiku wonse kuti zamagalimoto munaziyamwira kubere?"

"Amayi a Faith, zoseka ayi."

"Sindikuseka, ndikulira mokweza. Nanga woyendetsa anali ndani?"

"Che Ramazani."

"Ndiye mlandu ndi wawotu."

"Anandifunsa asananyamuke. Ndinawauza kuti zonse zili bwino."

Pafonipo Zakeyu ankangomva mvula ikugunda malata a nyumba yawo.

"Akanadziwa akanaitenga?" anafunsa Tabia, mawu atatsika.

"Sakanaikhudza. Mukuwadziwa ndi mantha awo."

"Ndiye mwandiimbiranji, poti yankho muli nalo? Chitani, koma mubwere kunyumba. Musakayendeyende ndi maganizo."

Atabwerera anapeza namwino uja akuimbira kuntchito kuti achedwa, misozi ili lengelenge. Kagalimoto kaja n'kamene kankamufikitsa kuchipatala m'bandakucha matakisi asanayambe. Zakeyu anamupatsa nambala yake ndi ya abwana ake, kuti asaganize kuti athawa. Kenako anaimbira Wilkins, Mmalawi wina wa galaja amene anamugulitsa bakiyo.

"AWilkins, bwerani mudzakoke magalimoto awiri. Yofiirayo mukonze mpaka iwale. Baki mutenge, ikhale malipiro."

"Iwe Zakeyu, mutu ukuyenda? Sunathe nayo ndi sabata yomwe!"

"Ndamva. Ingobwerani."

Ramazani anamugwira mkono. "Ayi achimwene, izi sindingalole. Ndidzayenda bwanji pamaso pa amayi a Faith?"

"Muyenda ndi miyendo, ngati ine ndemwe. Inu munalakwa kuponda buleki mochedwa. Ine ndinakutumizani pamsewu ndi bodza, ngakhale sindinkadziwa kuti ndi bodza. Tiyeni, nyamulani chisoticho."

Wilkins atafika, Zakeyu anachotsa m'bakimo malaya ake a mvula ndi kabaibulo kamene anaika m'kabokosi ka kutsogolo, n'kupereka makiyi. Sanafune kuona ikukokedwa, moti anayang'ana kumbali.

Lolemba m'mawa anagogoda pageti la nyumba zonse zimene zinamulonjeza ntchito, imodziimodzi, kuuza eni ake kuti apeze wina. Atamaliza anakalowa m'dimba la abwana ake n'kuyamba kusesa masamba.