Matenda Aja a Amake Ghassan

M'wodi ya amayi pa chipatala china cha ku Irbid, dzina loti khansa linkapezeka pakhoma pokha. Linali pa zikwangwani zapinki zimene mabwana a ku likulu anadzamata, n'kujambulitsa akumwetulira, n'kubwerera kwawo. Pakamwa pa munthu ayi. Odwala, owadikirira, ngakhale madokotala amene anakaphunzira kunja, onse ankati "matenda aja," n'kuwonjezera msangamsanga kuti "atitalikire," ngati kuti nthendayo ndi galu woti ukamutchula dzina abwera akugwedeza mchira.

Rudaina anali namwino wophunzitsa odwala asanapite ku opaleshoni, ndipo mawu amenewa anali atamufika pakhosi. Ntchito yanji yoti uphunzitse munthu za chinthu chimene wakanizidwa kuchitchula?

Pa bedi la pafupi ndi zenera panagona amake Ghassan, mayi wa kumudzi ku Ajloun, wa manja akuda ndi kuthyola azitona. Anali ndi chotupa m'bere lakumanzere, ndipo dokotala Tawfiq anakonza zochotsa berelo Lamlungu lotsatira. Monga mwa chizolowezi, dokotalayo sanauze mwini bere. Anaitanira ana awo aamuna awiri pakhonde, n'kuwanong'oneza iwowo.

Wamkulu, Ghassan, anali mphunzitsi wa sekondale, munthu wonunkhira pefyumu amene sankatha kulankhula popanda kuzunguza makiyi a galimoto pachala. Wamng'ono, Mamoun, anabadwira kuvomereza zonena za mkulu wake. Awiriwa anamutchingira njira Rudaina asanafike pa bedi.

"Achemwali, timvanetu," anatero Ghassan. "Mayi athuwa mtima wawo ndi wofooka. Tawauza kuti ndi kamafuta kangoundana. Dzina lija asalimve."

"Kamafuta?" anafunsa Rudaina. "Ndiye ndikawauze kuti tikuwadula bere chifukwa cha kamafuta?"

"Inu ndi ophunzira, mawu muwapeza."

"Muwapeza," anatero Mamoun.

Rudaina anatsonya chamumtima. Mtima wofooka umenewo ndi umene unaika mwamuna m'manda n'kulera wokha ana asanu, kuphatikizapo wonunkhirayu. Chifukwa chenicheni ankachidziwa, pakuti mayiwo anali atamusimbira kale zonse akuwayeza magazi: mwana wawo womaliza, Lujain, ankakwatiwa nyengo ya azitona ikatha, ku banja la eni masitolo ku Amman. Ndipo kuno, nyumba imene mwalowa matenda aja, ana ake aakazi anthu amawalambalala. Ghassan sankateteza mtima wa mayi ake. Ankateteza alamu ake olemerawo kuti asamupulumuke.

Mawa lake Rudaina anawapeza mayiwo atavala diresi lawo lakuda lopeta, mpango kumutu, akupinda bwinobwino chovala cha chipatala.

"Azakhali, mukupita kuti?"

"Kwathu, mwanangu. Ngati ndi kamafuta, kadikira. Azitona sadikira, ukwati sudikira. Ndani anadulidwapo bere chifukwa cha mafuta? Apongozi anga anali ndi mafuta thupi lonse, anafa ndi mawere awo onse awiri."

Mayiwo sanali opusa. Anapatsidwa bodza, ndipo analiganizira bwino lomwe mpaka pamapeto pake. Ghassan anali chiimire kumiyendo kwa bedi, nkhope itamasuka ngati munthu amene watula katundu.

"Afuna okha," anatero. "Tiwakakamize?"

Rudaina anathamangira kwa dokotala Tawfiq, n'kumupeza akumwa khofi.

"Adokotala, chotupa chija chafika kale kukhwapa. Akadikira mpaka ukwati, mudzadula chiyani?"

"Banja lasankha, Rudaina. Ine anyamata aja ndinawafotokozera zonse."

"Bere ndi la anyamata?"

"Moyo uli m'manja mwa Mulungu," anatero dokotalayo, n'kuphwetera khofi wake. Munthuyu ankamukumbukira kwambiri Mulungu pakakhala nkhani yovuta kunena.

Nthawi ya pemphero la masana itakwana, anyamata aja anatsikira ku mzikiti wa chipatala. Kupemphera kokha sankaphonya. Rudaina anakoka katani kuzungulira bedi, n'kukhala pambali pa mayiwo. Mantha anali nawo, pakuti Ghassan anali mtundu wa anthu odziwa khomo la ofesi ya mkulu wa chipatala. Koma mkwiyo unaposa mantha.

"Azakhali, ndikufuna ndikuuzeni zoona za thupi lanu. Mukufuna kumva, kapena ndisiye?"

Mayiwo anamuyang'ana m'maso. "Nena."

"Si mafuta. Ndi khansa."

Amake Ghassan anakoka khosi la diresi, n'kulavuliramo pang'ono katatu monga amachitira amayi akamva choipa. Sanalire. Rudaina anawafotokozera pang'onopang'ono m'mawu a kumudzi: kuti chotupacho chimayala mizu, kuti chayamba kale kulowera kukhwapa, kuti akachichotsa tsopano n'kulandira mankhwala, ambiri amachira n'kuona adzukulu awo. Kenako anawapempha kuti abwereze zimene amva, ndipo anabwereza zonse osaphonya.

"Ndikachedwa?"

"Mukachedwa, mpeni sudzathandizanso."

"Anyamatawa akudziwa?"

"Akudziwa."

"Ndiye ankandionerera ndikupinda zovala." Sanafunse, anangonena. Anasisita bondo lawo ndi chikhatho. "Mankhwala ake ndi aja othothola tsitsi?"

"Omwewo. Koma limameranso."

"Lisanafike tsiku la ukwati?"

Rudaina anapukusa mutu.

"Usiku wokongoletsa manja a mkwatibwi ndi utoto wa hina, amayi okhaokha, mipango timavula. Asewere anga adzaona mutu wosalala ndi chifuwa chopendekera. Amene aja amawerenga ndi mano omwe a mkwatibwi. Tandiuza, mwanangu, matendawa amatsata ana?"

Apa bodza likanathandiza, ndipo Rudaina analiona lili pafupi zedi. Koma anali atanyansidwa ndi mabodza a m'nyumba imeneyi. "Nthawi zina amatsata. Osati nthawi zonse. Lujain ayenera kumayezedwa."

"Basi," anatero mayiwo, n'kumanga chikwama.

"Azakhali, Lujain angasankhe mayi wamoyo kusiyana ndi masitolo. Mufunseni."

"N'chifukwa chake sindimufunsa."

Rudaina anachonderera. Anati opaleshoni yokha ichitike, mankhwala adzaone pambuyo. Anati aitanitse Lujain alankhule naye atatu. Anasimba za amayi a ku Ajloun komweko amene anachira, osatchula mayina. Mayiwo ankangogwedeza mutu mwaulemu, muja amachitira munthu amene wamva zonse ndipo wasankha kale.

"Anyamatawa usawauze kuti ndadziwa," anatero. "Asiye aziona ngati andipusitsa. Akadziwa ayamba kulira, ndiye ndiyambenso kuwatonthoza ineyo. Ukwati ukatha ndibwera, Mulungu akalola. Ndikapanda kubwera, ndidzakutumizira Lujain. Udzamuyeze, ndipo udzamuuze iweyo, dzina lenileni la matendawa, monga wandiuzira ine. Ameneyo zake zisakanong'onedwe pakhonde."

Anyamata aja anabwera kuchokera kopemphera nkhope zili ngwee. Ghassan ananyamula kabokosi ka kunafa wotentha, keke wotsekemera wa pa sitolo yodula ya kutsidya kwa msewu, n'kukapereka kwa Rudaina ndi manja awiri, anamwino ena akuona.

"Mulungu akudalitseni, achemwali. Si anamwino onse amadziwa kusunga pakamwa. Ena akanawaopseza mayi athu pachabe."

"Pachabe," anatero Mamoun.

Rudaina sanalandire. Ghassan anakaika pa tebulo, osaona n'komwe kuti wakanidwa, n'kutsogola akuzunguza makiyi, mng'ono wake pambuyo. Ankakambirana za mahema a paukwati, ngati abwereke awiri kapena atatu.

Amake Ghassan anayesa kunyamula chikwama ndi dzanja lamanzere, koma mkono unakana. Anachisinthira kumanja, n'kuwatsatira ana awo pang'onopang'ono. Panalibe mmodzi amene anacheuka kuti awalandire.