Chindongwa Chopanda Shuga

A Lois anangomwa kamodzi n'kuchotsa kapu pakamwa ngati yawaluma.

"Alamu, ichi ndi chomwe chija munkawapatsa achimwene?"

"Chomwecho," anayankha a Flossie, maso ali pamphasa. "Chiwapezereni matenda a shuga, sindinathiremo ngakhale kasupuni."

Maliro a Hezron Gondwe anali ataikidwa sabata yomweyo. Matola anali atanyamula a mpingo otsiriza, ndipo pakhonde la nyumba ya ku Katowo panatsala abale okhaokha: a Flossie, mayi wamasiyeyo, mwana wawo Mtende, a Lois, mlongo wa malemu, amene Mtende ankawaitana kuti ankhazi, ndi a Laws, mng'ono wa malemu. A Flossie kwawo kunali ku Dedza. Anabwera kuno ali mtsikana, ndipo ngakhale thobwa anazolowera kulitcha chindongwa, Chitumbuka chawo chinathera pa yewo ndi chomene.

"Lawa iwe Mtende," anatero a Lois. "Ngati umu mulibe shuga, ndiye kuti lilime langa lapenga. Munthu adokotala amuletsa, inu tsiku ndi tsiku kapu yodzaza, kenako muziti Mulungu watenga. Loweruka pokambirana za mayi wamasiye ine ndikanena. Nyumba ino ndi ya a Gondwe. Basi ya ku Dedza sinasiye kuyenda."

Mtende anatenga kapu yake n'kulawa. Chinali chotsekemera, monga chinkakhalira masiku onse, ndipo chifukwa chake ankachidziwa. Anali m'chaka choyamba ku yunivesite, ndipo nkhaniyi anali atangoilemba pa mayeso a bayokemisitiri. Ufa wa chimanga ndi sitachi, mkanda wautali wa timashuga tolumikizana, wautali moti lilime silimva kutsekemera kwake. Mawere akamamera amapanga enzaimu yotchedwa amilezi, yomwe ntchito yake ndi kudula mkandawo. Chimera chikalowa m'phala lofunda, osati lowira, pakuti kutentha kwambiri kumaipinda enzaimu n'kuisiyitsa ntchito, mkanda umaduka, shuga n'kumasuka. Aphunzitsi ake ankati enzaimu ili ngati nkhoswe: imafulumizitsa zinthu, koma yokha imabwerera kwawo yosakwatira. Tsiku limene anaphunzira zimenezi, Mtende anatuluka m'kalasi akumwetulira yekha, akuona ngati dziko lonse ladzaza tinkhoswe tosaoneka. Anafika mpaka kuchipinda chake asanaganize za kapu ya bambo ake. Thupi limene insulini yake yafooka silifunsa ngati shuga wachokera m'paketi kapena m'chimera.

Tsono akakhala chete, amayi ake akhala abodza. Akayankhula, akhala china choposa pamenepo. Koma Mtende sanali munthu wodziwa kudikira.

"Ankhazi, amama sanathire kanthu. Shugayo amapangika yekha."

Anafotokoza mothamanga, manja akudula mkanda m'malere. A Lois anamvetsera mpaka kumapeto.

"Chizungu chako ndamva, mwana wanga. Ndiyankhe chimodzi. Shuga analimo kapena munalibe?"

"Analimo."

"Wovulaza munthu wodwala?"

Mtende anayang'ana nkhuku imene inkapalasa pansi pa mtengo wa pichesi.

A Flossie anadzutsa mutu. Sanayang'ane alamu awo, anayang'ana mwana wawo. "Unadziwa liti?"

"Teremu yomwe ino, amama."

"Foni unali nayo."

"Ndimati ndidzanene pa holide."

Palibe analira. Misozi inali itathera kumanda. A Flossie anatambasula manja awo pamwendo n'kumawayang'ana ngati a munthu wina. A Lois anaika kapu pansi mwaulemu, ngati munthu amene wapambana mlandu kuposa mmene ankafunira.

Apo ndi pamene a Laws anakhosomola.

"Mwaiwala kuti akulu anga anali mlangizi wa zaulimi? Za chimerazi iwo anazidziwa kale, Mtende asanabadwe. Chindongwa chija sankamwa iwo. Ndinkamwa ndine."

"Iwe Laws, pano si pa bawo," anatero a Lois.

"Masana alionse ankabwera nacho pakhonde panga, ati tikacheze. Akafika, kapu kwa ine, iwo madzi a mumtsuko. Ndinawauza, akulu, bwanji osangowauza alamu? Iwo amvekere, 'Adokotala amulanda kale zonse zimene ankandipangira. Tiyi wa shuga wapita, zitumbuwa zapita, futali wapita. Chatsala ndi ichi chokha, ndipo amadzukira m'mamawa. Ndimulandenso? Imwa, usatsalitse.' Ine n'kumamwa."

A Lois anawayang'ana a Laws kuyambira kumaso mpaka pamene batani la shati linkalimbana ndi mimba.

"Ndiye mimba iyi? Ife kumati ulimi wa fodya wakuyendera!"

"Fodya wake uti, alongo? Ndi alamuwa."

Mtende kuseka kunamutuluka mosafuna, n'kudzigwira pakamwa. A Lois anapukusa mutu nthawi yaitali. Kenako anatola kapu yawo ija, anaiyang'ana, n'kumwa mpaka pansi.

"Achimwene analinso ndi mutu wouma," anatero. "Za Loweruka zisiyeni. Alamu, ngati chatsala mundisungireko cha paulendo."

Koma a Flossie anali asanasunthe.

"Ayi," anatero motsitsa mawu. "Mukungofuna kundipepesa, alamu. Bambo a Mtende ankamwa. Ankabwera kuno ndevu zili mbuu ndi chindongwa, ine n'kumawanena kuti amamwa ngati mwana. Tsiku lililonse ndinkawapukuta ndekha ndi nsonga ya chitenje."

A Laws anatenga kapu ya Mtende, mmene munali mutatsala pang'ono. Anaviika chala n'kuchiyendetsa pamlomo wam'mwamba, kuchoka mbali iyi kufika mbali iyo, mosamala, kenako anadonthezera kadontho kamodzi pachibwano. Anakonza kolala, n'kuimika nkhope ya munthu wokhuta amene akubwerera kwa mkazi wake.

"Akulu ankadzipaka chonchi akafika pageti paja," anatero.

A Flossie anali atagwira kale nsonga ya chitenje chawo. Dzanja linakwera pang'ono, n'kuima m'malere.