Mayendedwe a baDyton

BaDyton anamwalira osasiya kanema ngakhale mmodzi. Chithunzi chokha, cha pa chitupa. Patatha zaka ziwiri, mwana wawo Moven anazindikira kuti wayamba kuiwala mmene bambo ake ankayendera. Nkhope ankaikumbuka. Mayendedwe ayi.

Ndiye anakumba dongo kuseri kwa kiyosiki ya madzi ku komboni ya George, naumba kamunthu. Mafupa a waya. Kawilibala ka bokosi la machesi, poti malemuwo ankakankha madzi ogulitsa. Luso analitola pa foni, poonera makanema a anthu akunja amene ankayendetsa dongo agogo ake asanabadwe. Usunthe mwendo pang'ono, ujambule. Usunthenso, ujambule. Zithunzi khumi ndi ziwiri, sekondi imodzi.

Amayi ake, baMainess, sankafuna n'komwe kukayang'ana.

"Iwe Moven, chidoli cha muntu wakufa mu nyumba yanga? Ba ku chechi bazakamba chani? Nikachipeza pa Sande, nizachitaya mu ngalande."

"Amai, ni filimu chabe."

"Filimu! Banzako bali ku pisiweki basakila ndalama, iwe uli mu matika monga nkhumba."

Linali Lachisanu. Moven ankajambula m'mawa, kuwala kukalowa pakhomo, malata asanatenthe. Dongo likauma limang'aluka, choncho ankalinyowetsa ndi chala. Tsiku limenelo ananyowetsa mopitirira. Zithunzi mazana awiri, maso ali pa miyendo basi. Kumutu sanayang'aneko.

Kenako anaonera kanemayo. Miyendo inkayenda molakwika, ngati ya bakha. Koma mutu unkatembenuka pang'onopang'ono, kucheukira kukhomo. Iye sanaukhudze. Chifukwa chake ankachidziwa: khosi linanyowa, waya n'kufooka, mutu n'kupendekera mbali. Ankachidziwa bwino. Komabe naye anacheukira kukhomo.

Pakhomopo panali pataima amayi ake, chigubu cha madzi chili m'manja. Anachiika pansi osachita phokoso.

"Bwezela."

Anabwereza.

"Futi."

Anabwerezanso kanayi. Panja kondakitala wa minibasi ankakuwa za ku tauni.

"Mendo wanama," anatero baMainess. "Batate bako sibenze kuyenda so. Koma uku kucheuka... ndiye mwamene benze kunicheukila bakafika pa kona, kuseni kulikonse. Iwe wenze ukali mu tulo. Unavionela kuti?"

Moven anatsegula pakamwa kuti afotokoze za waya. Anaona nkhope ya amayi ake. Anatseka.

BaMainess anagwada. Ananyamula kamunthuko ndi manja awiri, mmene amalandirira chinthu kwa wamkulu, nakakulunga m'nsonga ya chitenje.

"Amai, sininasilize. Mendo zikalibe."

"Bayenda vakwana. Baleke bapumule."

Analowa nako kuchipinda, natseka chitseko. Kungalande sikanapite. Kwa Moven sikanabwererenso.

Iye anatsala ndi foni. Masekondi ochepa. Mutu wa bambo ake ukucheuka, pa miyendo ya munthu amene sankamudziwa.