Telala Wodulidwa Pakati

"Khalani chete, ikuyamba!" anatero a Jailos Sakala akukweza wailesi pa khonde la shopu yawo yosokera, pa msika wa Katete. Anali atavala jekete, ngati kuti wailesi ili ndi maso.

Dzulo lake kunabwera Victor, mwana wa mlongo wawo, mtolankhani pa wailesi ina ya m'deralo, kudzawafunsa maganizo awo pa anthu awiri olimbirana upulezidenti. A Jailos sananyinyirike. Iwo ankadziona ngati sikelo ya dziko lonse. Ankasokera amayi a chipani cha njinga, ankasokeranso a chipani cha ambulera, nsalu za awa pa msomali wa kumanja, za awo kumanzere, ndipo ngakhale akazi awo sankadziwa kumene amachonga tsiku lovota.

N'chifukwa chake anaitana mbali zonse kudzamva nzeru. Mai Dinnah, mkulu wa amayi a ambulera, anakhala pa benchi. Mai Jenipher a njinga anatsamira mzati, kuopa kukhudzana zigongono.

Mawu a telala anatuluka, onenepa kuposa mwiniwake.

"Wa njinga uja ntchito amaidziwa. Za misewu amazimvetsa. Akamalankhula umachita kuona kuti mutu ukuyenda."

Kenaka nyimbo. Kenaka Victor: "Amenewo ndi a Jailos Sakala, telala wotchuka, amene asankha kale."

A Jailos anaigwedeza wailesi ija, naimenya m'mbali. Mawu otsala sanagwemo.

"Sizinathere pamenepo," anatero. "Ndinanenanso kuti feteleza wake amafika chimanga chili kale m'nkhokwe. Wa ambulera ndinamuyamikanso kuti amamvera anthu, kungoti malonjezo ake ndi aatali kuposa nsalu imene ali nayo."

"Ife tamva zimene tamva," anatero Mai Dinnah akudzuka. "Kani singano yanu ili ndi chipani? Tipatseni nsalu zathu, a Sakala, zosoka ndi zosasoka zomwe."

"Amayi, madiresi enawo alibe manja."

"Akaika a Sadik, telala mnzanu uja. Iwo salankhula pa wailesi."

Mai Jenipher anaimba nthungululu mpaka ogulitsa tomato anacheuka.

"Takulandirani, achimwene! Mawa sikipa ndi chipewa zikupezani pompano. Mudzakhala kutsogolo pa msonkhano."

"Pepani amayi, ine si wanu. Sindine wa aliyense."

"Ndiye mumanamiza dziko lonse pa wailesi?" Nthungululu inauma. "Mwatidyera masuku pamutu. Tsitsani zathunso."

Dzuwa lisanapendeke misomali yonse iwiri inali mbee. A Jailos anavula jekete nalipachika pa wa kumanja, kenaka anaganiza bwino, nalipinda n'kulikhalira.

Victor anatulukira Loweruka, akununkhira mafuta atsopano, thalauzi ili m'pepala.

"Amalume, mundifupikitsireko iyi, ikukwekwa pansi. Mawa ndikukaulutsa msonkhano wa a njinga ku Sinda. Andiika pa nsanja penipeni."

A Jailos anatenga tepi nagwada kuyeza.

"Mawu anga ena aja ali kuti?"

"Nthawi ya pa wailesi ndi yochepa, amalume."

"Anadula ndi bwana wako?"

Iwo ankafuna kuti mnyamatayo avomere. Anali atakonza kale mumtima zomutukwana bwanayo, zokwana mbali zonse.

"Ayi, ndinadula ndine. Koma ndinadula bwino, simunamve? Palibe ndi potsokomola pomwe." Victor anaseka. "Anthu safuna za uku n'kwabwino, ukunso n'kwabwino. Zimagonetsa tulo. Mapanga awiri avumbwitsa, amalume. Ine ndakuthandizani kusankha, ndakutchukitsaninso."

"Makina awa ndi amene ankakusokera yunifolomu kuyambira giredi wani."

"N'chifukwa chake ndinabwera kwa inu, osati kwa telala wina."

Victor anapita kukameta. A Jailos anayala thalauzi ija pa tebulo, nalemba ndi choko, nadula mosamala. Mpendero anausoka ndi dzanja, timisoko tating'ono tosaoneka, monga amachitira ndi suti ya mkwati. Anaisita, naipinda, naibwezera m'pepala.

Victor atabwerako anaitambasula pa khonde, ogulitsa tomato akuona. Mwendo wa kumanja unali wokongola zedi. Wa kumanzere unali ukadali mmene unabwerera ku sitolo.

"Amalume, nanga winawu?"

"Nthawi ndi yochepa."

"Ndikaima bwanji pa nsanja chonchi?"

"Uzikaonetsa mbali imodzi. Umene ndadulawo ndadula bwino, tauyang'ana."

"Amalume, musatero. Ndi yokhayi yabwino."

A Jailos anafunditsa makina awo nsalu, popeza panalibe china chosoka.

"Pita kwa a Sadik," anatero. "Koma ukadikire, ali ndi madiresi ambiri oika manja."