Mapapaya Alowa Chipani

"Ndati mapapaya angawa wawalowetsa chipani ndiwe!"

"Bambo, papaya silivota."

"Nanga chikasuchi achitenga kuti?"

Fanuel anayang'ana masambawo, kenaka malaya ake. Mtundu unalidi umodzi. Malayawo anawalandira pamsonkhano ku Mitundu, osati pokonda ndale, koma poti ena onse anali ong'ambika m'khwapa. Tsoka lake, a Efulemu, eni mapapayawo, anali munthu wa chipani cha tambala wakuda chibadwire.

Mbande za mapapayawo anabwera nazo ndi Fanuel yemweyo kuchokera ku Nathenje atangomaliza sukulu. Anati ndi mphatso. Zoona zake, ankafuna chifukwa chofikira pakhomopo tsiku ndi tsiku, azithirira uku akuyang'ana mobera Jenipher, mwana wa a Efulemu. Mitengo inakula mpaka kubereka, iye mawu osatuluka.

"Ndi matenda awa, bambo. Onani, masamba achita mawangamawanga, akwinyika, enawa aonda ngati mchira wa khoswe. Tinaphunzira kusukulu. Kachilombo kake kamayenda ndi nsabwe za m'masamba."

"Nsabwezo wazituma ndani? Dzana ndinamangirira tambala wakuda patsindepo kuti mitengoyi ikumbuke kwawo. Yakana!"

Jenipher anali pakhonde akutong'ola chimanga. "Ababa, mwaifunsa ngati inagula khadi?"

"Iwe, khala chete!"

A Efulemu anathyola papaya laliwisi n'kumuonetsa Fanuel pafupi ndi mphuno. Pakhungu pake panali timizere tozungulira, tina m'kati mwa tinzake. Fanuel anayang'anitsitsa. Mphete! Ngakhale mtengo wadziwa, watopa n'kudikira.

"Zidindo za chipani izi," anatero a Efulemu. "Tiuze tsono, iwe wasukulu, mankhwala ake n'chiyani?"

"Palibe, bambo. Buku limati kudula n'kutentha basi."

Mawuwo atangotuluka analakalaka atawameza.

"Eya! Buku lanzeru limenelo. Jenipher, chikwanje! Ndipo iwe mnyamata, ndikamaliza usadzapondenso pano. Udzathirira chiyani?"

Jenipher anabweretsa chikwanje pang'onopang'ono, ngati wanyamula madzi odzaza m'beseni. Podutsa pafupi ndi Fanuel anang'ung'udza, "Enafe tikalamba anthu akuthirira."

Mtengo woyamba unagwa kamodzi n'kamodzi, papaya lilibe fupa. Wachiwiri unagwera pakhola, tambala wakuda uja n'kuthawa akukuwa. Wachitatu, womwe unali wotsiriza, Fanuel anaukumbatira ndi manja onse, utomoni uli chuchuchu pamalaya.

"Choka! Ukuteteza mnzako wachipani?"

"Ayi, bambo."

"Nanga ukufunanji pakhomo panga?"

Fanuel anausiya mtengowo, nagwada pamasamba achikasu aja.

"Dulani, bambo, ine mapapaya sindidya n'komwe. Ndikufuna Jenipher. Amalume abwera Loweruka, ndikangowauza."