Ulusi pa Miyendo ya Mipando

Mayi anali akusesa pansi pa tebulo pamene anaona kuti miyendo ya mipando ilibe ulusi. Anaimika tsache.

Kwa miyezi itatu nyumba yonse inali mfundo zokhazokha. Mwana wawo wamkazi, amene onse ankamutchula Kasingano chifukwa cha kuwonda kwake, anali m'chaka chomaliza kusukulu ya udokotala, ndipo mtima wake unali pa maopaleshoni. Ankaba ulusi pamakina osokera a mayi ake n'kumaphunzira kumanga mfundo ndi dzanja limodzi: pamipando, pachitseko, ngakhale pachogwirira cha kapu ya bambo ake.

Koma tsopano panali patatha sabata yathunthu ulusi osasowa.

Mayi anamupeza kuchipinda atagona chafufumimba, fomu ili pambali pa pilo. Inali fomu yosankhira mtundu wa udokotala woti adzaphunzire akamaliza, yofunika kubweza Lolemba. Pamalo pamene analemba kuti maopaleshoni panali pofufutidwa mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka.

"Dzuka, dzuwa lakwera. Ukudwala?"

"Ayi, amayi."

"Nanga ulusi wanga bwanji sukubedwanso?"

Kasingano anakhala tsonga, maso ali psuu. Anafotokoza kuti sabata yatha dokotala wamkulu anamupatsa singano kuti atseke bala la wodwala, koyamba m'moyo wake. Atamaliza, adokotalawo anayang'ana, anatenga sizasi n'kudula ulusi wonse. Anangoti, "Yambanso." Manesi ndi anzake anayi anali pomwepo akuonerera.

"Ndiye unayambanso?"

"Ndinayambanso."

"Anadulanso?"

"Ayi. Koma sananene chilichonse."

"Umafuna akuimbire nyimbo?"

Bambo anasuzumira pakhomo, kapu ili m'manja. "Musiyeni mwanayu, amake. Asankhe zopepuka, azilemba mankhwala atakhala pampando. Zamipenizi munthu amaima tsiku lonse mpaka miyendo kutupa. Komanso ndi mwamuna uti angapeze tulo pafupi ndi mkazi wodziwa kudula anthu?"

"Inu mwagona zaka makumi atatu pafupi ndi mkazi wa sizasi, mwadulidwa pati? Kamwereni tiyi wanuyo uko."

Bambo anachoka akuseka. Mayi anatseka chitseko, anaima pafupi ndi zenera, anakweza bulauzi n'kutsitsa siketi pang'ono.

"Bwera uone, adokotala."

Kasingano ankadziwa kuti anabadwa pa opaleshoni, koma chipseracho anali asanachionepo. Chinali chachitali, chokhota, chokhuthala mbali imodzi ngati msoko wa thumba.

"Amene anasoka apa anali mtsikana ngati iweyo," anatero mayi. "Wamkulu wake anali ndi wodwala wina, ndipo iwe m'mimbamu mtima wako unali ukuzilala. Ndinamuona asanandigoneke, magolovesi akumuvuta kuvala chifukwa cha kunjenjemera. Msoko wotere utachoka pamakina anga, ine sindingagone. Koma ndi uwu, zaka makumi awiri ndi zisanu, sunaphwasuke."

Kasingano anagwada. Anayendetsa zala ziwiri pachipseracho pang'onopang'ono, kuyambira kumanzere. Atafika pokhuthala paja anaima.

"Apa anakoka kwambiri," anatero motsitsa mawu. "Ndipo mfundozi anazitalikitsa. Chimakupwetekani?"

"Kukazizira chimanyerenyetsa, basi." Mayi anatsitsa bulauzi. "Waona? Zala zako zadziwa zokha. Mnzakoyo analibe womudulira ulusi kuti ayambenso. Anasoka kamodzi, ali yekha, ndipo ine ndakhala ndikuyenda nazo. Iwe uli naye wokudulira, ndiye ukulira?"

"Ndikuopa kudzalakwitsa pa munthu, amayi. Munthu si nsalu."

"Uziopa ndithu. Dokotala wosaopa ine sindingamulole kukhudza mimba yanga." Anamupukuta m'maso ndi chala chachikulu, mwamphamvu, ngati akuchotsa mwaye. "Ngati sukuzifuna, lemba zina, palibe adzakufunse. Koma ngati ukuthawa sizasi ya adokotala aja, usandinamize kuti wasankha. Tsopano kasambe, ukununkha bulangeti."

Anatulutsa ulusi wakuda m'thumba la epuloni, anauponya pabedi, n'kubwerera kutsache lawo.

Mayi sanafunsenso za fomuyo. Loweruka lonse anali pamakina, Lamulungu anachapa. Lolemba m'mawa Kasingano anatuluka ndi chikwama chake, anatsanzika mwachidule, osanena chimene walemba.

Patangopita nthawi pang'ono, bambo anakuwa ali patebulo.

"Amake! Tabwerani muone! Kapu yanga aimangirira kumpando!"

Mayi anabwera, anawerama, anakoka mfundoyo ndi chikhadabo. Sinasunthe. Anakokanso ndi mphamvu.

"Musadule," anatero. "Mwerani ina."