Mpeni Woperekedwa ndi Manja Awiri

"Amenewo ndi mafuta a sambusa za Mama."

"Akazingira kale katatu. Atopa amenewa."

"Mafuta satopa, ba Overton. Yatopa ndi drayala ya tsitsi ya Mama, imene mwaisandutsa mvukuto."

Esnart, wophika wa panyumbapo, mayi wa ku Chipata, adalankhula ataima pakhomo la khitchini, manja ali m'chiuno. Overton, dalaivala, adali atanyamula kale chidebe cha mafutacho, ndipo adangopitirira nacho kuseri kwa garaja ngati sadamve.

Kuseriko n'kumene kudali chipala chake. Chidayamba mu Epulo 2020, korona itatseka Doha yense. Baba Abu Hamad, mwini nyumba ya ku Al Markhiya, adatenga mkazi wake, Mama, ndi banja lonse n'kukabisala ku famu yake kumpoto. Adasiya magalimoto atatu, wophika mmodzi, dalaivala mmodzi ndi lamulo loti pasatuluke munthu. Dalaivala wopanda ulendo ndi munthu woopsa. Ena m'masiku amenewo adaphunzira kuphika buledi. Overton adayamba kusula mpeni.

Sudali mpeni wosendera mbatata. Udali fakoni, mpeni wa abusa a ng'ombe a ku Argentina oyenda pa akavalo: wowongoka, wautali kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya chala, wokhala ndi kachitsulo kopingasa koteteza dzanja. Adauona koyamba kumsana kwa Ruben, mzungu wa ku Argentina komweko, mkulu wa ophika pa lesitilanti ina yootcha nyama, kumene ankakatengako chakudya cha Baba matenda asadabwere. Ruben adali atausula yekha, ndipo ataona maso a Overton adaseka n'kuti, "Ukasula wako, ndidzakuimika pa moto wanga." Mwina kudali kucheza chabe. Koma Overton adali atatha zaka zisanu akudikira anthu m'galimoto kunja kwa mashopu, ndipo munthu wotere nthabwala amaisunga ngati kontilakiti.

Bambo ake adali wosula makasu ku Mitundu, kotero manja ankadziwa ntchito. Vuto n'lakuti ankadziwa ntchito ya ku Mitundu. Mpeni woyamba, wochokera ku sipiring'i yakale ya galimoto, udapindika kumutu n'kutuluka chikwanje. Esnart adaulanda n'kumadulira maluwa. Wachiwiri udawongoka bwino, koma ataufiiritsa adauviika m'madzi monga ankachitira bambo ake ndi makasu, ndipo udangoti the! n'kugawika pawiri. Ruben ataona chithunzi pafoni adayankha ndi mawu amodzi: mafuta.

Mu Seputembala mudabwera lamulo latsopano: wantchito angathe kusintha bwana popanda kalata ya chilolezo. Overton adapereka notisi ya miyezi iwiri tsiku lomwelo. Baba adayankha pafoni kuti "khalas", basi. Ruben nayenso adati malo alipo amodzi, ndipo pali m'Nepali wina amene akuwafuna. "Ubwere nawo Lamlungu lomaliza notisi yako. Chithunzi sichidula nyama."

N'chifukwa chake mafuta a sambusa adayenera kufa. Overton adapemerera makala ndi drayala mpaka chitsulo chidafiira ngati tomato wakupsa, n'kuchimiza m'chidebe. Lawi lidalumpha n'kumupsereza nsidze.

"Mayo! Mwatentha nyumba ya eni ake!" adakuwa Esnart.

"Bwererani kumbuyo, achemwali, ino ndi sayansi."

"Sayansi yanu inunkha anyezi."

Mpeni udatuluka wamphumphu. Adaukhutiza ndi tupa, tupa lidangotsetsereka osaluma: chitsulo chidali chitalimba. Overton adavina pang'ono, yekha, pafupi ndi matayala. Kenako adaulowetsa mu uvuni ya Esnart kwa maola awiri kuti usakhale wophweka kuthyoka, Esnart akung'ung'udza kuti chiyambire ntchito sadaphikepo chitsulo. Chigwiriro adapanga ndi nyanga ya mbuzi imene idaphedwa pa Idi. Masiku anayi adatha akupala ndi kunola.

Loweruka m'mawa adali pabwalo, akumeta cheya cha pamkono pake kuti Esnart aone kuthwa kwake, pamene geti idayamba kutseguka yokha. Galimoto yaikulu yoyera idalowa. Baba adali atanena kuti abwera Lolemba, koma mwini nyumba salakwitsa tsiku.

Overton adabisa mpeni kumsana. Tsoka lake, fakoni ndi wautali kuposa kupingasa kwa msana wa munthu wa ku Mitundu. Nsonga idasuzumira kumanzere, nyanga kumanja.

Baba adatsika, mwinjiro uli mbee, masiki ali pachibwano. Adali mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wosakonda kulankhula ndi antchito kupitirira mawu atatu. Adaloza ndi ndodo yake.

"Overton. Chiyani icho? Yalla, ndione."

Apa ndi pamene ulemu udamupha. Overton adaleredwa m'nyumba imene mwana wopereka chinthu kwa wamkulu ndi dzanja limodzi ankachilandiranso pamutu. Mpeni ndiye kuposa: umatembenuza, chigwiriro chiloze kwa wolandira. Ndiponso korona idati anthu atalikirane mamita awiri. Choncho adagoneka mpeni pazikhatho zonse ziwiri, natambasula mikono mpaka mapeto, nawerama kuti afikire, bondo limodzi n'kutsala pang'ono kugunda pansi, maso ali pa nsapato za Baba.

Kwawo, kumeneko kudali kungoti, "Nawu, onani."

Baba adaima chilili. Adapatsa ndodo mwana wake amene adabwera naye, napukuta manja pamwinjiro, nalandira mpeniwo ndi manja awirinso. Adauyang'ana mbali iyi ndi iyo, nayesa kuthwa kwake pachikhadabo.

"Wapanga iwe? Ndi manja ako?"

"Yes, Baba."

"Mashallah." Adaugunditsa mpeniwo pachifuwa. "Zaka zisanu. Ukuchoka, koma wandisulira mphatso. Ana anga obereka ndekha amandigulira mafoni." Adatembenukira kwa mwana wake uja, bambo wandevu zake, n'kumuyang'ana ngati ndiye wabweretsa korona.

Overton adatsegula pakamwa. Mawu ofunika adali ochepa: bwezani, ndi wanga. Adawafunafuna m'Chingerezi, adawafunafuna m'Chiarabu chake cha pamsewu, ngakhale m'Chichewa momwe, koma m'zilankhulo zonse zitatu mudalibe njira youzira munthu wa imvi, amene misozi ikulengeza m'maso, kuti abweze chimene walandira. Lilime lidangotola mawu amene lidazolowera zaka zisanu.

"No problem, Baba."

Pakhomo la khitchini, Esnart adadziphimba kumaso ndi epuloni.

Baba sadali munthu wolandira osabweza. Adatuma mwana wake m'nyumba, ndipo adabwerako ndi kabotolo ka mafuta onunkhira a udi, aja Baba amadzola popita ku maukwati okha. Adamudontheza yekha Overton pamikono, pomwe padali pometedwa paja, n'kumufumbatitsa kabotoloko. Kenako adaitanitsa chithunzi: Baba pakati, mpeni pachifuwa, Overton pambali akumwetulira ngati munthu amene wapondedwa chala m'tchalitchi. Chisadafike chakudya chamasana, chithunzicho chidali chitafika kwa abale a Baba onse, ndipo mpeni udali utapachikidwa pakhoma la chipinda cha alendo, pamwamba pa mpando wa Baba, pakati pa malupanga awiri a agogo ake.

Overton adakhala pa tayala kuseri kwa garaja. Makala adali atazizira. Sipiring'i idali itatha, ndipo ngakhale ikadakhalapo, mpeni wachitatuwo udamudyera masabata atatu. Foni idalira m'thumba: Ruben, kukumbutsa kuti mawa ndi teni koloko, ndipo m'Nepali uja abwera leveni.

Esnart adabwera ndi kapu ya tiyi, naiika pansi pafupi naye. Adanunkhiza mpweya.

"Koma mwanunkhira, ba Overton. Monga mkwati."

"Musandiyambe, achemwali."

"Sinikuyambani. Nikuti chabe, kwathu tikafuna kuonetsa munthu chinthu, timachigwira zolimba. Imwe a ku Malawi mumachita kugwada nacho."

"Ndi munthu wamkulu uja."

"Eee, ni wamkulu. Ali na mipeni itatu manje."

Overton adatenga kapu, naiyang'ana, naibwezera pansi. Kuchokera m'chipinda cha alendo kunkamveka mawu a Baba pafoni, akufotokozera mbale wake wina, mokweza, za dalaivala wa mtima wa golide.

Esnart adatola kabotolo ka udi, nakapendeketsa padzuwa.

"Nanga mailo, ikakwana teni koloko, muzamuonetsa chani mzungu wanu?"